MPHINI ZA AGOGO NDI MPHINI ZA ADZUKULU

Mkangano wa M'makomboni a ku Matepatepa

BINDURA.—M'makomboni a m'mapulazi a ku Matepatepa, kumpoto kwa tauni ya Bindura m'dziko la Zimbabwe, muli nkhani imene ili kusautsa mabanja. Anyamata ndi atsikana obadwira komweko, amene makolo ao akale anacokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, ayamba kudzilembetsa zithunzi ndi maina pakhungu ndi singano ndi inki, zimene pa Cingerezi azicha tattoo. Makolo ambiri ali kukana ndithu, nati limenelo ndi khalidwe la akaidi ndi la ana osamva. Koma cozizwitsa ndi ici: m'nyumba zomwezo mukali nkhalamba zina zacikazi zokhala ndi mphini pamphumi, m'masaya ndi pamimba, ndipo mdzukulu akadzudzulidwa angoloza nkhope ya agogo ace, nafunsa kuti kusiyana kwace kuli pati.

Funso limeneli si la cibwana ai. Mphini ikalowa pakhungu siicoka ndi sopo kapena ndi mwala wa kumadzi, ndipo mwini wace adzapita nayo kofunsira mbeta, kofuna nchito, kumpingo, kufikira kumanda. Cotero taona kuti nkwabwino kuwafotokozera awerengi athu kumene mphini zinacokera, cimene cinazithetsa, ndi zimene munthu ayenera kuganiza asanapereke mkono wace kwa wolemba.

ANAFIKA NAZO KUCOKERA KUMUDZI

Bindura ili pa mtunda wa mamailosi pafupifupi 55 kucokera ku Harare. Poyamba malowa ankachedwa Kimberley Reefs, kutengera mgodi wa golide umene unatsegulidwa m'caka ca 1901, ndipo dzina la Bindura linakhazikika m'caka ca 1913 pamene njanji inafika. Migodi ya golide ya kuno ndi ya ku Shamva, pamodzi ndi mapulazi a fodya ndi cimanga a m'cigwa ca Mazowe, zinafuna anchito ambiri koposa amene anapezeka pafupi. Anthu a ku Dedza, ku Dowa, ku Lilongwe, ku Zomba ndi ku Mulanje anatsika wapansi kudzera ku Tete, naoloka Zambezi, nalowa dziko lino ca ku Mount Darwin kapena ca ku Mutoko. Pambuyo pace ena anadza pa malole a Ulere, amene Boma la Southern Rhodesia linaika kuti anyamule ofuna nchito popanda kulipira, ndipo enanso anadza m'dzanja la Mthandizi, bungwe lolemba anchito limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1946. M'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963, njira imeneyi inali yosazizira. Mgodi wa nickel wa Trojan utayamba m'zaka za m'ma 1960, ndi wa golide wa Freda Rebecca m'caka ca 1988, ana a anthu omwewa anapezanso nchito kumeneko.

Ambiri sanabwerere kumudzi, nasanduka macona. Katundu amene anadza naye anali wocepa: mphasa, bulangeti ndi kapoto. Koma anadzanso ndi cinenero cao, gule wamkulu amene Amashona amucha zvigure, cinamwali, ndi mphini za pathupi. Munthu wofika usiku pa komboni ya cilendo ankatha kuzindikira mnzace wa kwao asanalankhule naye, pongoona zolembedwa pankhope pace m'kuwala kwa moto. M'masiku amenewo mphini inali kalata imene wakuba sakanatha kulanda panjira.

MPHINI ZINALI ZA MITUNDU ITATU

Tisalakwe kuyesa kuti mphini zonse zinali cinthu cimodzi. Zoyamba zinali za mtundu, zosonyeza kuti uyu ndi wa anthu akuti. David Livingstone, amene anakwera mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, analemba za mphini za Amang'anja ndi za pelele amene akazi ao ankabvala pamlomo wapamwamba, ndipo pa maulendo ace ena anaona Amakua okhala ndi cizindikiro conga mwezi wokhala kumene pamphumi. Mai Alice Werner, m'buku lace la m'caka ca 1906 lonena za anthu a ku British Central Africa, anafotokozanso za mphini zosiyanitsa mitundu.

Zaciwiri zinali za kukongola ndi za ukulu, ndipo zimenezi zinali makamaka za akazi. Mtsikana akakula, amai odziwa nchitoyi ankatsina khungu, nalitema ndi lumo, napakamo makala operapera kuti bala likapola pakhale kanthu kakuda kotukuka. Ankatema pamphumi, m'masaya, pacifuwa, pamimba, kumsana ndi m'ncafu. Zina zinali zoonekera kwa onse. Zina zinali za m'nyumba, zoyenda pamodzi ndi mikanda ya m'cuuno, ndipo wozidziwa anali mwamuna wace yekha. Mkazi wa thupi losalala ankasekedwa ndi anzace kumadzi kuti ndi wamantha. Amashona, eni ace a dziko lino, anali nao mwambo womwewo, ndipo iwo azicha nyora, kotero kuti pa nkhani iyi mlendo ndi mwini mudzi sanadabwane.

Zacitatu ndizo za mankhwala, zimene sizinathe kufikira lero. Sing'anga atema timabala tiwiri kapena titatu pamene pali kupweteka, kaya m'litsipa, pabondo kapena pamsana, natikitamo mankhwala otentha ndi kupera. Ena atemera kuti adzichinjirize kwa afiti, ena kuti akhale ndi mwai. Anthu otsika m'mgodi, podziwa kuti mwala sucenjeza pakugwa, akhala akufuna mphini zotere kuyambira kale, ndipo okumba golide paokha a masiku ano, amene kuno awacha makorokoza, sanazileke. Abambo ambiri amene akalipira mwana cifukwa ca tattoo, atati abvule malaya, tingawapeze ndi timizere tao pacifuwa.

CINAZITHETSA NCIANI?

Mphini za mtundu ndi za kukongola zinazilala pang'onopang'ono. Amishoni ndi aphunzitsi anaziyesa za cikunja, ndipo mtsikana wa pasukulu anaphunzira kucita nazo manyazi. Mipingo yambiri inaloza pa Levitiko 19:28, pamene ana a Israyeli aletsedwa kudziceka cifukwa ca akufa ndi kudzilemba pathupi. Pakati pa Asilamu, amene ambiri a iwo m'makomboni ndi Ayao, mashehe aphunzitsa kuti kudzilemba kosacoka nkoletsedwa. Ku Mozambique, kumene Amakonde anachuka ndi mphini za kumaso zochedwa dinembo, cipani ca Frelimo cinaufooketsa mwambowo poti unali kugawa anthu m'mitundu.

Kuno ku Zimbabwe kunalinso cifukwa cina, ndico kunyozedwa. Anthu ocokera ku Nyasaland anapatsidwa maina acipongwe, monga mabhurandaya, kutanthauza anthu a ku Blantyre, ndipo ankanenedwa kuti alibe mutupo, ndilo pfuko la makolo. Zitupa za ambiri zinalembedwa kuti ndi alendo ngakhale anabadwira mommuno. Lamulo la unzika la m'caka ca 2001 linawataitsa ambiri ufulu wao, ndipo panali pa Malamulo Akulu a dziko a m'caka ca 2013 pamene obadwira m'dziko muno kwa makolo a m'maiko oyandikana nalo anabvomerezedwa kuti ndi nzika. Pamene mapulazi a Azungu analandidwa kuyambira m'caka ca 2000, anchito ambiri a m'madera ngati Matepatepa anatsala opanda nchito ndi opanda mudzi wobwererako. M'zaka zonsezi kholo lanzeru linaona kuti mwana wosadziwika kwao ayenda bwino koposa mwana wolembedwa pankhope. Ena anasintha ndi maina omwe. Motero mbadwo wa abambo ndi amai a lero unakula ndi khungu losalala, ndipo unaphunzira kuti kusalala ndiko ulemu.

MLENDO WA KALUMO KAKUTHWA

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mphini zitatsala pang'ono kuiwalika, zabweranso kudzera khomo la kutsidya kwa nyanja. Liu lakuti tattoo linacokera ku cisumbu ca Tahiti, kumene Kaputeni James Cook ndi amalinyero ace anaona mwambowu m'caka ca 1769. Amalinyero anaufalitsa m'madoko a ku Ulaya, ndipo m'caka ca 1891 Samuel O'Reilly wa ku New York analembetsa ku Boma makina a magetsi obayira inki pakhungu. Kwa nthawi yaitali Azungu okha ankaiyesa tattoo cinthu ca amalinyero, asilikali ndi akaidi. Lero ili pa mikono ya akatswiri a mpira ndi oyimba, ndipo mnyamata wa ku Matepatepa aiona tsiku ndi tsiku pa foni yace. David Beckham wa ku England ndi Lionel Messi wa ku Argentina ndi ena mwa anthu ochuka amene anadzilembetsa pamikono.

Kacitidwe kace kasiyana pang'ono ndi ka makolo. Lumo linkang'amba khungu kuti pakhale cipsera. Singano ibaya kambirimbiri ndi kusiya inki pansi pa khungu lakunja, pamene thupi silitha kuicotsa. Koma kusiyana kwakukulu sikuli pa cida ai. Mphini za agogo zinasankhidwa ndi mudzi: anamkungwi ndi amai akulu ndiwo anadziwa nthawi, malo ndi maonekedwe ace, ndipo aliyense woziona anatha kuziwerenga. Tattoo asankha mwini wace yekha, nthawi zambiri mobisa, ndipo tanthauzo lace alidziwa ndi iye yekha. Mphini zakale zinkati, uyu ndi wathu. Zatsopano zili kuti, ine ndine ndekha. Apa ndi pamene pagona mkwiyo wa makolo, ngakhale iwo sanena comweco: cimene cawapweteka si inki, koma kusafunsidwa.

ANTHU AZIONA BWANJI

Tikamvetsera zokamba za anthu pa nkhaniyi, tipeza magulu angapo. Acikulire ambiri ati wolembedwa mkono ndiye kuti anakhalako m'ndende, popeza kale zolemba zotere zinkaoneka pa anthu oturuka kumeneko, amene ankadzibaya ndi singano yosokera ndi mwaye. A mipingo ina, makamaka ya cipentekoste ndi ya cipostoli, apitirira pamenepo nati zithunzi za njoka, zigaza ndi nyenyezi ndi zizindikiro za Satana. Ena aziphatikiza ndi ukali wa kumaenje a golide, kumene kwakhala kukumveka za ndeu za zikwanje. Mwai wa mnyamata ndi wakuti akakhwima ndi kugwira nchito anthu aiwala. Koma mtsikana aweruzidwa kolimba, nachedwa woyendayenda, ndipo apongozi akaona duwa paphewa pace ayamba kunong'onezana. Ici ncodabwitsa tikakumbuka kuti agogo a apongozi omwewo akadamseka mtsikanayo cifukwa cosowa mphini.

Nao acinyamata ali ndi mau ao, ndipo si onse opusa. Ena alembetsa dzina la mai wao amene anamwalira, kapena tsiku lobadwa la mwana. Ena alembetsa mtanda kapena vesi. Alipo amene asankha cithunzi ca dziko la Malawi kapena dzuwa la pa mbendera yace, dziko limene sanalipondepo, ponena kuti makolo ao anabisa kwao kokwanira. Wotere sitinganene kuti wataya mwambo. Iye wabwerera ku nchito yoyamba ya mphini, yonena kumene munthu acokera. Koma aliponso ambiri ongotsata anzao, olembetsa ali ciledzerere tsiku limene agulitsa golide, kapena olembetsa dzina la bwenzi limene lidzawakana mvula isanagwe.

Maiko ena anadutsamo m'mkangano womwewu. Ku New Zealand Amaori anatsala pang'ono kutaya mphini zao za kumaso, koma anazidzutsanso, ndipo m'caka ca 2020 Mai Nanaia Mahuta, wokhala ndi mphini za makolo pacibwano, anaikidwa kukhala nduna yoona za maiko akunja. Ku Nigeria, kumene mphini za mtundu zinali zofala, lamulo loteteza ana la m'caka ca 2003 linaletsa kutema mwana mphini kapena kumlemba tattoo. Ndipo mtembo wa munthu amene anafa zaka zoposa 5,000 zapitazo, umene unapezeka m'madzi ouma a m'mapiri a Alps m'caka ca 1991, unali ndi mphini 61, zambiri za izo pamsana ndi m'mfundo za miyendo, malo omwewo amene sing'anga wa kwathu akadatema. Ici citiphunzitsa kuti mphini si za mtundu umodzi, ndipo ulemu kapena manyazi ace asintha ndi nyengo.

MAU A ACIPATALA

Cimene sicisintha ndi mwazi. Lumo kapena singano imene yabaya munthu mmodzi ikabaya wina isanayeretsedwe, itha kunyamula kacirombo ka HIV, ndiponso tizirombo ta nthenda ya ciwindi ya hepatitis B ndi hepatitis C. Ka hepatitis B nkolimba kotero kuti kakhala ndi moyo kunja kwa thupi masiku 7 kapena kuposa. Kupukuta singano ndi nsalu kapena kuiviika m'kacasu sikukwanira. Inki nayonso ikathiridwa m'kabotolo kamodzi kobviikamo anthu onse, ngozi ndi yomweyo ngakhale singano ikhale yatsopano. Cenjezo limeneli likhudza wolemba tattoo ndi sing'anga wa mphini cimodzimodzi.

M'matauni akulu monga Harare muli malo amene nchitoyi icitika ndi singano zomatidwa m'mapepala, magolovesi ndi inki yopangidwira khungu. Koma m'makomboni ndi kumaenje wolemba nthawi zambiri ndi mnzako wa kamakina kopanga yekha ndi kainjini ka wailesi yakufa, ndipo inki yace ndi ya bolopeni kapena mwaye wa mphira wotentha. Bala lotere litha kutukusira, kucita mafinya, ngakhale kulowetsa kafumbata. Malo akafiira, natupa, natentha, kapena munthu akayamba kumva malungo, apite msanga ku kiliniki kapena ku cipatala cacikulu ca ku Bindura, osabisa cifukwa ca manyazi.

Palinso cina cimene anthu a khungu lakuda ayenera kudziwa. Ambiri a ife thupi lathu lipanga cipsera cotukuka cimene cikula kupitirira bala, cimene madokotala acicha keloid. Amene anaona cotupa cotere pakhutu atabooledwa ndolo, kapena pa bala lina, adziwe kuti singano ingamcite comweco. Ndipo amene ayesa kuti akadzatopa nayo adzaifafaniza, adziwe kuti kucotsa tattoo kufuna makina a laser, maulendo ambiri ndi ndalama zoposa zimene analipira polembetsa, ndipo pakhungu lakuda kutha kusiya mawanga otuwa. Kuicotsa ndi simbi yamoto kapena ndi madzi a batire, monga ayesa ena, ndiko kusintha cithunzi ndi cironda. Opereka mwazi naonso adziwe kuti munthu wongolembetsa kumene auzidwa kuyembekeza miyezi ingapo.

KWA AMENE ALI KUGANIZA ZOLEMBETSA

Safunsa anadya phula. Mnyamata kapena mtsikana amene mtima wace uli pa tattoo ayambe wadikira. Ajambule cithunzico papepala, acipacike pakhoma, aone ngati cidzamkomerabe nyengo yokolola ikadzafika. Kuona maso a nkhono nkudekha. Aganize za malo: ca paphewa kapena pacifuwa cibisika ndi malaya, koma ca pakhosi, padzanja kapena pankhope cilankhula munthu asanapereke moni. Amene alakalaka usilikali, upolisi, unamwino kapena uphunzitsi ayambe wafunsa malamulo ndi zizolowezi za nchitozo. Dzina la mai silisintha. Dzina la bwenzi lisintha. Mau a Cingerezi kapena a cinenero cina awerengetse kwa wodziwa asanalembedwe, popeza colakwika ca pakhungu cilibe labala. Aone ndi maso ace singano ili kuturutsidwa m'pepala lace, ndi inki ili kuthiridwa m'kacikho kace yekha. Asalembetse ataledzera, ndipo mwana wosafika zaka 18 asalembedwe konse.

Koposa zonse auze akwao. Sitikuti apemphe cilolezo ca mudzi wonse monga kale, koma akhale pansi ndi amai ace, amalume ace kapena agogo ace, nanene cimene afuna ndi cifukwa cace. Cifukwa cimene munthu acita manyazi kucinena pamaso pa agogo ace, kawirikawiri sicikhala cifukwa coyenera kulembedwa pathupi kufikira imfa.

Kwa makolo tingoti: musafulumire kumucha mwana wanu mkaidi kapena mfiti. Mfunseni tanthauzo la cimene walemba, ndipo ngati akali kuganiza, mthandizeni kupeza singano yoyera m'malo momkankhira kuseri kwa komboni. Mwana wotukwanidwa aleka kufunsa, koma saleka kucita.

Nkhalamba za mphini zatsala zowerengeka ku Matepatepa, ndipo caka ndi caka zili kupita. Mdzukulu amene ali nao agogo otere acite mwai: atenge mpando, awafunse amene anawatema, kunali mudzi uti, anali ndi zaka zingati, ndipo kodi analira. Awafunsenso ngati anadandaulapo. Iwo ndiwo okha m'komboni monse amene anyamula colembedwa ca pakhungu kucokera ku utsikana kufikira ku imvi, ndipo palibe wina angamuuze bwino kulemera kwace.